Momwe Mungasankhire Mafuta Osaipitsa Mpweya a Sitima Zapamadzi Mosaboola M'thumba

Aliyense amene amatumiza katundu kunja kuchokera ku Kanengo, kaya ndi fodya, mtedza, soya kapena nandolo, ayenera kuti anazindikira kuti kuyambira mu Januwale 2024 mapepala a mitengo ochokera ku makampani a sitima zapamadzi anayamba kubwera ndi mzere watsopano wolembedwa kuti EU ETS, womwe ndi ndalama imene mayiko a ku Ulaya amalipiritsa sitima chifukwa cha mpweya woipa umene zimatulutsa, makamaka pa katundu wopita ku Ulaya. Ine ndinauona koyamba mzerewu pa invoisi ya makontena a fodya opita ku Antwerp. Eni katunduyo, bambo achikulire amene agwira ntchitoyi zaka zambiri kuposa ine, anaika chala pamzerewo n'kundifunsa chifukwa chimene ife, anthu a dziko lopanda doko la panyanja yamchere, tiyenera kulipirira utsi wa sitima imene sitinaione n'komwe. Yankho lake ndi lakuti kontena yathu ikachoka ku Lilongwe imakakwera sitima ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo ndalama iliyonse imene mwini sitima walipira chifukwa cha mafuta imagawidwa pa makontena onse amene ali m'sitimamo, kuphatikizapo yathu. Ndalama imeneyi timailipira m'madola, pomwe tonse tikudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira kuno, n'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino ndilongosole momwe munthu angayezere mafuta atsopano amene tikugulitsidwa, asanasaine chilichonse.

Sitima zapamadzi zimanyamula katundu woposa 80 peresenti wa malonda a pakati pa mayiko, ndipo zimatulutsa pafupifupi 3 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko umene anthu timatulutsa. Mu Julayi 2023 mayiko a m'bungwe la IMO, loyang'anira za sitima zapamadzi padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku London, anagwirizana kuti mpweya umenewu uchepe ndi 20 peresenti kapena kuposerapo pofika 2030, ndi 70 peresenti kapena kuposerapo pofika 2040 poyerekeza ndi chaka cha 2008, ndipo cha m'ma 2050 wotuluka usaposenso wochotsedwa. Dongosolo loti sitima zizilipira chifukwa cha mpweya wake linavomerezedwa mu Epulo 2025, koma mu Okutobala chaka chomwecho chiganizo chomaliza chinaimitsidwa kwa chaka chimodzi. Mayiko a ku Ulaya sanadikire zimenezo. Sitima zazikulu zofika pamadoko awo zinayamba kulipirira 40 peresenti ya mpweya wowerengedwa wa mu 2024, kenako 70 peresenti ya wa mu 2025, ndipo kuyambira 2026 ndi wonse, ngakhale kuti pa ulendo wochokera kunja kwa Ulaya, monga kwathu kuno, amawerengera theka lokha. Palinso lamulo lachiwiri lotchedwa FuelEU Maritime, limene linayamba mu Januwale 2025, lofuna kuti mafuta enieniwo aziyera pang'onopang'ono: ndi 2 peresenti poyamba, 6 peresenti mu 2030, mpaka 80 peresenti mu 2050.

Poyamba penipeni, dziwani kuchuluka kwa mpweya umene katundu wanu amabweretsa. Lemberani kampani ya sitima kapena amene amakukonzerani mapepala kuti akupatseni chiwerengero cha mpweya wa kontena imodzi panjira imene mumagwiritsa ntchito, ndipo afotokoze ngati awerengera utsi wotuluka pachumuni cha sitima chokha kapena ayambira kumene mafutawo anakumbidwa kapena kulimidwa. Kusiyana kwake si kochepa. Tani imodzi ya mafuta akuda olemera amene sitima zambiri zimagwiritsa ntchito imatulutsa matani oposa pang'ono 3.1 a mpweya wa kaboni pachumuni, koma mukaphatikiza kukumba, kuyenga ndi kunyamula, chiwerengerocho chimafika cha m'ma matani 3.7. Pa mafuta atsopanowa ndiye pamene nkhani yonse yagona, chifukwa mafuta ena sayera konse kumene akupangidwa, pomwe ena amatulutsa utsi pachumuni koma kaboni wake ndi yemwe mbewu zinayamwa kale mumlengalenga.

Mukatero, lekani kuyerekeza mitengo pa tani. Cholakwa chimenechi ndachiona kwa anthu odziwa bwino masamu, chifukwa tinazolowera kugula dizilo pa lita ndi chimanga pa thumba. Chimene injini imafuna ndi mphamvu, ndipo mafuta aliwonse ali ndi mphamvu yakeyake. Kilogalamu imodzi ya mafuta akuda ili ndi mphamvu yokwana pafupifupi 40 MJ, ya biodiesel pafupifupi 37, ya ethanol pafupifupi 27, ya methanol pafupifupi 20, ya ammonia yochepera pang'ono 19, ndipo ya LNG, gasi woziziritsidwa mpaka kukhala wamadzimadzi, imayandikira 50. Tanthauzo lake ndi lakuti pamene sitima ikadawotcha tani imodzi ya mafuta akuda, ifunika matani awiri a methanol, choncho munthu wokuuzani kuti methanol wake ndi wamtengo wofanana ndi mafuta wamba pa tani akukuuzani kuti mulipira kawiri. Thanki nayonso iyenera kukula kuposa kawiri, ndipo malo amene thankiyo yatenga ndi malo amene mukadakhala makontena olipira.

Masamu achiwiri ndi amene ndimawakonda kwambiri, chifukwa ndi amene amaonetsa chotchipa chenicheni. Tengani ndalama yoonjezera imene mukulipira, muigawe ndi matani a mpweya amene mwachotsadi. Tiyerekeze kuti wogulitsa woyamba akufuna madola 300 oonjezera pa mafuta olowa m'malo mwa tani imodzi ya mafuta akuda, ndipo mafuta ake amachepetsa mpweya ndi 80 peresenti. Pa matani 3.7 aja mwachotsa pafupifupi matani atatu, kotero tani iliyonse yochotsedwa mwaigula madola 100. Wachiwiri akufuna madola 200 okha, koma mafuta ake amachepetsa ndi 40 peresenti, ndiye kuti mwachotsa tani imodzi ndi theka, ndipo tani iliyonse yakudyerani madola oposa 130. Wooneka wotchipayo ndiye wodula. Manambala a madolawa ndi ongoyerekeza, inu muikemo amene mwapatsidwa sabata imeneyo, chifukwa mitengo ya mafuta imasintha tsiku ndi tsiku.

Musanafike posintha mafuta, yang'anani kaye njira zowotcha ochepa, pakuti palibe mafuta oyera amene ndi otchipa kuposa amene sanawotchedwe. Sitima ikachepetsa liwiro ndi 10 peresenti, mafuta owotchedwa pa ola amatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ngakhale ulendo umatalikirapo, pomaliza imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kupala ndere ndi nkhono zomata kunsi kwa sitima kumathandizanso. Ena abwerera ku mphepo: mu Ogasiti 2023 sitima yotchedwa Pyxis Ocean, yobwerekedwa ndi kampani ya Cargill, inanyamuka ili ndi mapiko awiri olimba otalika mamita 37.5 aliwonse, othandiza injini kukankha. Ife a ku Lilongwe sitingalamule kapitawo wa sitima, koma mbali yathu ilipo. Dzazani kontena mpaka pamlingo wololedwa m'malo motumiza ziwiri zosadzaza, sungitsani malo nthawi ikadalipo kuti musakakamizike kusankha ulendo wothamanga, ndipo kumene katundu akulola ganizirani njanji yopita ku Nacala kudzera ku Nayuchi, chifukwa sitima yapamtunda imawotcha mafuta ochepa pa tani iliyonse kuyerekeza ndi mathiraki.

Tsopano tibwere ku mafuta enieniwo. Kwa zaka zikubwerazi, maganizo anga ndi akuti biodiesel wopangidwa kuchokera ku zinthu zotayidwa ndiye poyambira pabwino, chifukwa amalowa mu injini imene ilipo kale popanda kugula sitima yatsopano. Amapangidwa kuchokera ku mafuta ophikira amene agwira kale ntchito, onga aja amada m'chiwaya cha tchipisi, komanso ku mafuta anyama otsala kophera. Pamadoko akuluakulu omwetsera sitima monga Singapore ndi Rotterdam amagulitsidwa osakaniza ndi mafuta wamba, ndipo mudzaona zilembo monga B24 kapena B30, kutanthauza kuti magawo 24 kapena 30 pa 100 alionse ndi biodiesel. Apanso gwirani cholembera. Ngati biodiesel yekha amachepetsa mpweya ndi 80 peresenti, B24 amachepetsa ndi pafupifupi 19 peresenti basi, ndipo wina akakuuzani kuti katundu wanu wayenda pa mafuta oyera, mufunseni kuti anali B angati.

Biodiesel ali ndi makhalidwe ake amene ndinawaphunzira movutikira. Tsiku lina tinamuyesa mu jenereta ya panyumba yathu yosungiramo katundu, imene thanki yake inali itamwa dizilo zaka zambiri osatsukidwa. Patapita masiku awiri injini inayamba kutsokomola kenako n'kuzima, ndipo makaniko atamasula fyuluta anaipeza itadzaza ndi phala lakuda lonanda, loti ukaligwira limamata ku zala. Vuto silinali mafuta atsopanowo ayi, koma kuti biodiesel amasungunula litsiro lakale lomata m'thanki ndi m'mapaipi n'kulikankhira ku fyuluta. Kuchokera pamenepo ndimalangiza aliyense kuti atsuke thanki asanayambe, akhale ndi mafyuluta apadera ogwiritsa ntchito masabata oyambirira, ayang'ane mapaipi ndi timphira totsekera chifukwa mitundu ina ya mphira imafewa, ndipo asasunge mafutawa kupitirira miyezi isanu ndi umodzi. Biodiesel amakoka chinyezi, ndipo madzi akakhala pansi pa thanki mumamera tizilombo topanga phala lonanda lomwelo. Pali mtundu wina wotchedwa HVO umene ulibe mavuto ambiriwa ndipo umafanana kwambiri ndi dizilo, koma mtengo wake ndi wokwererapo.

Chenjezo lalikulu pa biodiesel ndi gwero lake. Mafuta ochokera ku mbewu zodyedwa, monga soya kapena kanjedza wolimidwa pamalo pamene panali nkhalango, angathe kuipitsa dziko kuposa mafuta okumbidwa pansi, ndipo lamulo la FuelEU Maritime limawawerengera ngati mafuta wamba, kotero mwalipira zambiri koma simunapindule kanthu pamaso pa lamulo. Kwa ife nkhaniyi ili ndi mbali inanso. M'dziko limene botolo la mafuta ophikira ndi katundu wolemera pa banja, sindingalimbikitse kuti soya kapena mpendadzuwa wa alimi a ku Mchinji ndi ku Kasungu azikathera mu injini ya sitima. Ambiri tikukumbukiranso momwe msatsimanga unatchukira zaka zapitazo ngati mbewu ya mafuta a galimoto, ndi momwe zokolola zake zinachepera poyerekeza ndi chiyembekezo. Choncho funsani satifiketi yosonyeza kumene mafutawo achokera, monga ya ISCC, ndipo pakhale polembedwa kuti ndi zotsalira osati chakudya.

Gasi wa LNG ndi amene eni sitima ambiri athamangira, chifukwa amapezeka pamadoko ambiri ndipo satulutsa utsi wakuda kapena salufa. Komabe ndi mafuta okumbidwa pansi, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mainjini ena amalola gawo la gasiyo kutuluka osapsa, pomwe gasi ameneyu, wotchedwa methane, amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi 30 kuposa kaboni pa zaka 100, ndi kuwirikiza pafupifupi 80 pa zaka 20 zoyambirira. Kudontha pang'ono kokha kumadya phindu lalikulu. LNG amakhala ndi tanthauzo pamene walowedwa m'malo ndi gasi wochokera ku ndowe, zinyalala ndi zotsalira zakumunda, yemweyo amene kuno timamudziwa kuti biogas, atayeretsedwa ndi kuziziritsidwa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro. Kampani ikakuuzani kuti sitima zake zimayendera LNG, funsani mtundu wa injini ndi gawo la gasi wa zinyalala limene lilimo.

Methanol ndi amene ndikuona kuti ali ndi tsogolo loyandikira pa sitima za makontena, zomwe ndi zimene zimanyamula katundu wathu wambiri. Ndi wamadzimadzi pa kutentha wamba, kotero safuna mathanki oziziritsa. Mu 2023 kampani ya Maersk inayambitsa Laura Maersk, sitima yoyamba ya makontena yotha kuyendera methanol, yonyamula makontena aang'ono 2,100, ndipo mu 2024 inatsatiza Ane Maersk, yonyamula pafupifupi 16,000. Koma dzina lokha lakuti methanol silikutsimikizira kanthu. Methanol wambiri wa pamsika lero amapangidwa kuchokera ku gasi wokumbidwa kapena malasha, ndipo mukawerengera kuyambira kufakitale, sachepetsa mpweya konse. Woyera ndi wochokera ku zotsalira za zomera, kapena wopangidwa ndi magetsi a dzuwa ndi mphepo, monga wa pafakitale ya ku Kassø m'dziko la Denmark imene inatsegulidwa mu 2025 ndipo ingathe kupanga matani 42,000 pachaka. Muyeso umenewu ndi wochepa kwambiri pa njala ya sitima zikuluzikulu, n'chifukwa chake mtengo wake udakali pamwamba. Methanol ndi chiphe choopsa kwa munthu, chochititsa khungu ngakhale kupha, ndipo lawi lake silioneka bwino masana, choncho ogwira ntchito amafunika maphunziro apadera.

Za ammonia ndi hydrogen sindikhalitsapo, chifukwa kwa wotumiza katundu wa ku Lilongwe nthawi yake sinakwane. Ammonia alibe kaboni, ndipo mu 2024 anayesedwa ngati mafuta pa sitima ya Green Pioneer ku Singapore, koma mpweya wake umapha ukadontha, ndipo pafupifupi yense wopezeka lero ndi wopangidwa ndi gasi wokumbidwa kapena malasha, makamaka kuti akhale feteleza. Hydrogen amafuna kuzizira kwa madigiri 253 pansi pa ziro kuti akhale wamadzimadzi. Ingoonetsetsani kuti mgwirizano wanu sukukumangani zaka zambiri moti mafutawa akadzatsika mtengo mudzalephere kusintha.

Ethanol ndiye amatikhudza pafupi, popeza Malawi wakhala akumupanga kuchokera ku molasesi wa nzimbe ku Dwangwa kuyambira 1982, pambuyo pake ku Chikwawa, n'kumamusakaniza ndi petulo. Opanga mainjini a sitima ayamba kumuyesa mu mainjini omwewo a methanol, ndipo ali ndi mphamvu zambiri pa kilogalamu kuposa methanol. Sindikunena kuti mawa tiyamba kumwetsa sitima ku Nacala, chifukwa ethanol amene tili naye ali kale ndi ntchito yake m'galimoto zathu, koma amene akuganiza zoika ndalama mu nzimbe ayenera kudziwa kuti msika umenewu ukutseguka.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zitheka bwanji pamene sitima yofika ku Beira siyendera methanol ndipo padokopo sagulitsa B24. Makampani akuluakulu ali ndi njira yakuti inu mulipire mafuta oyera okwanira kontena yanu, iwo n'kuwathira mu sitima ina iliyonse ya kampaniyo, kulikonse kumene mafutawo akupezeka, kenako n'kukupatsani satifiketi. Maersk amaitcha ECO Delivery, pomwe Hapag-Lloyd amaitcha Ship Green. Njirayi ndi yomveka, chifukwa mlengalenga ndi umodzi, koma imadalira kukhulupirika kwa mapepala, ndipo safunsa anadya phula. Pemphani kuti satifiketi ionetse mtundu wa mafuta, gwero lake, matani a mpweya ochotsedwa, njira yowerengera, ndi dzina la bungwe loima palokha limene latsimikizira kuti matani omwewo sanagulitsidwenso kwa munthu wina. Funsaninso ngati ndalama ya EU ETS ichotsedwe kapena kuchepetsedwa pa makontena amene mwalipirira mafuta oyera, kuti musalipire kawiri pa utsi umodzi. Koposa zonse, musanalipire, kambiranani ndi wogula katundu wanu ku Ulaya. Makampani ambiri kumeneko amawerengera mpweya wa katundu amene amagula, ndipo ena angavomere kugawana nanu mtengowo kapena kuusenza wonse. Ngati mumagulitsa mwa dongosolo lakuti wogula ndiye amalipira sitima kuchokera padoko, chisankho cha mafuta ndi chake, ndipo inu ntchito yanu ndi ya msewu kapena njanji yokha. Yambani ndi makontena ochepa a wogula mmodzi, muone ngati satifiketiyo yakuthandizani pa mtengo kapena posunga msika, musanafalitse kwa onse.

Mfundo zomwezi zimagwiranso ntchito pa Nyanja ya Malawi, ngakhale malamulo a ku Ulaya safika kumeneko. Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951, imayendera dizilo pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, monganso mabwato ambiri onyamula anthu ndi katundu. Kwa mwini bwato la injini ya dizilo, njira yotchipa ndi kuyamba ndi biodiesel wochepa, monga magawo asanu kapena khumi pa 100, pa injini imodzi yokha, atafunsa kaye malangizo a opanga injiniyo. Pa maulendo afupiafupi obwerera pamalo amodzi, magetsi a mabatire ndi oyenera kuwaganizira, monga dziko la Norway linaonetsera mu 2015 ndi sitima yowolotsa magalimoto yotchedwa Ampere, ndipo kwathu dzuwa lilipo lokwanira, umboni wake ndi malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW ku Salima. Kaya mwasankha ati, mafuta aliwonse atsopano akafika, tungani pang'ono m'botolo lagalasi loyera, mulitseke n'kulisiya pamthunzi usiku wonse. M'mawa liyang'aneni moyang'anizana ndi kuwala: mukaona madzi atakhazikika pansi, kapena mafutawo atachita chifunga m'malo mooneka mbee, musawathire m'thanki. Lembani m'kope malita amene mwathira, maola amene injini yayenda ndi tsiku limene mwasintha fyuluta, ndipo pakatha miyezi itatu muyerekeze ndi kope la injini inzake imene yakhala ikumwa dizilo yekha.